Ampu ya bezi ya mavalavu kapena ya solid-state: iti ingapirire magetsi ndi misewu ya ku Dedza ndi Ntcheu?

Mpingo kapena bandi ikasonkha ndalama zogulira zida, mkangano waukulu umakhala pa kiyibodi ndi mikisa. Ampu ya bezi, chida chokuza mawu a gitala ya bezi, imaganiziridwa kumapeto, ndalama zitatsala zochepa, ndipo kawirikawiri imasankhidwa pa chithunzi chimene m'bale wa ku Johannesburg watumiza pa WhatsApp. Chonsecho pa zida zonse za bandi, ampu ya bezi ndi imene imagwira ntchito ya kalavulagaga. Nsambo yaikulu ya E imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo ya B pa gitala ya nsambo zisanu imatsika kufika pa 31. Kuti mawu otsika chonchi amveke, sipika imayenera kukankha mpweya wambiri, ndipo kukankhako kumadya mphamvu. N'chifukwa chake woimba gitala ya lidi angathe kugonthetsa anthu m'kutu ndi kaampu ka mawati 30, pamene mnzake wa bezi ali ndi mawati 100 koma ng'oma zikangoyamba sakumvekanso.

Chigamulo chathu tinenetu poyamba. Kwa bandi yoyenda m'maukwati ndi m'misonkhano ya chitsitsimutso kuyambira ku Linthipe mpaka ku Kampepuza, ampu ya solid-state (yoyendera matransistor, osati mavalavu) ya mawati 300 mpaka 500, yokhala ndi bokosi labwino la masipika ndi kachida koteteza ku magetsi, ndiyo yoyenera ndalama zanu. Ya mavalavu mawu ake ngokoma, zimenezo palibe angatsutse, koma kukomako kumafuna malo okhazikika, magetsi odalirika ndi mmisiri wodziwa kuisamala.

Za mkati mwake

Ampu iliyonse ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi preamp, imene imalandira kamphamvu kochepa kochokera ku gitala n'kukakonza ndi mabatani a gain, bass, mid ndi treble. Chachiwiri ndi power amp, imene imakankha sipika. Mu ampu ya mavalavu, zigawo zonse ziwiri zimayendera timabotolo tagalasi totentha mkati. Tating'ono ta ku preamp nthawi zambiri timakhala 12AX7, timene ku Ulaya amatilemba ECC83. Akuluakulu a ku power amp ndi 6L6, 6550 kapena KT88. Pakati pa mavalavu akuluakuluwa ndi sipika pamakhala thiransifoma yachiwiri, ya output, kuwonjezera pa ija yolandira magetsi a pakhoma. Zitsulo ziwirizi ndi zimene zimalemetsa ampu.

Ya solid-state imagwiritsa ntchito matransistor, ndipo nayonso ili pawiri. Ilipo yakale ya class AB, yokhala ndi thiransifoma imodzi yaikulu ndi chitsulo chozizilitsa matransistor. Ilipo yatsopano ya class D, yopanda thiransifoma yolemera, imene mphamvu yambiri ya magetsi amene yalandira, pafupifupi 85 mpaka 90 pa 100 iliyonse, imapita ku sipika m'malo mosanduka moto. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika kwambiri kuno kwathu, mwina kuposa kusiyana kwa mavalavu ndi matransistor.

Kodi mawu amasiyana zoonadi?

Amasiyana, koma osati paliponse. Mukaimba motsitsa, ampu yabwino ya mavalavu ndi yabwino ya matransistor zimamveka mofanana kwambiri, ndipo chimene mumamva kwenikweni ndi bokosi la masipika ndi zala za woimba. Kusiyana kumaonekera ampu ikafika pamapeto a mphamvu yake. Mavalavu akapanikizika amafinya mawu pang'onopang'ono: liwu limanenepa, limakhala ndi kamkokomo, ndipo woimba akamenya nsambo mwamphamvu ampu imagonjera m'malo mokuwa. Matransistor amakhala oyera mpaka pamzere, kenaka amadula mawu mwadzidzidzi, n'kumveka phokoso lokanda m'khutu. Maampu ambiri a solid-state ali ndi limiter yoletsa kuti asadumphe mzerewo, ndipo kagetsi kake kakamayaka kosalekeza dziwani kuti mphamvu yatha.

Apa ndi pamene pamachokera mbiri yakuti mawati 100 a mavalavu amaposa mawati 100 a matransistor. Wati ndi wati basi. Kungoti ya mavalavu mutha kuikankha kupitirira malire ake khutu lisakudandaula, pamene inayo mukaifikitsa pamenepo muyenera kubwerera.

Koma taganizirani zinthu ziwiri. Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969 ndipo mpaka lero ndiyo muyeso wa maampu a mavalavu, ili ndi mawati 300 ochokera ku mavalavu asanu ndi imodzi a 6550. Kuti mavalavu amenewa ayambe kufinya mawu mokoma muja, ampu iyenera kutsegulidwa kufika pamene m'tchalitchi cha malata cha ku Bembeke kapena ku Nsipe azimayi a mvano adzatuluka m'busa asanayambe ulaliki. Mu holo wamba mudzaisiya pa 2 kapena pa 3, ndipo pamenepo mwalipira ndalama zambiri kugula chinthu chimene simukuchigwiritsa ntchito. Chachiwiri: mabandi ambiri amatumiza bezi ku mikisa kudzera pa DI, kabowo ka XLR kakumbuyo kwa ampu. Pa maampu ambiri DI imatenga mawu ku preamp, asanafike ku mavalavu akuluakulu. Ndiye kuti anthu amene akumvera pa masipika akuluakulu a panja sakumva n'komwe mavalavu amene mwawanyamula movutikira, pokhapokha mutaika maikolofoni patsogolo pa bokosi.

Mtundu wa nyimbo nawonso uli ndi mbali. Rege imafuna bezi yozungulira, yakuya, yosathwa, ndipo pamenepo mavalavu amakhala kwawo. Nyimbo za uzimu zothamanga, zimene woimba amamenya ndi chala chachikulu ndi kukoka nsambo pa gitala ya nsambo zisanu, zimafuna ampu yoyankha msanga ndi yosunga B wakuya osamuphwanya. Pa ntchito imeneyo solid-state ya mphamvu zambiri imapambana poyera.

Mawati angati, nanga bokosi lotani

Kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera 3 dB pa muyeso wa kukwera kwa phokoso, kusintha kumene khutu limakumva koma pang'ono. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza, pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Choncho kuchoka pa mawati 300 kupita pa 500 sikudzasintha moyo wanu. Chimene chimasintha zinthu ndi kuchuluka kwa masipika. Bokosi la masipika anayi a mainchesi 10 lidzamveka kwambiri kuposa sipika imodzi ya mainchesi 12 pa ampu yomweyo. Ndalama zikakhala zoperewera, gulani mutu (ampu yokha yopanda masipika) wamba ndi bokosi labwino, osati mutu wa dzina ndi bokosi lokhomedwa ndi kalipentala mongoyerekeza.

Muyeso wake ndi uwu. Pophunzira kunyumba kapena kuthandiza kwaya yopanda ng'oma, mawati 25 mpaka 40 akwana. M'tchalitchi chapakatikati chokhala ndi ng'oma, bezi ikupitanso ku mikisa, mawati 100 mpaka 200 a solid-state, kapena 50 a mavalavu, agwira ntchito. Pabwalo, pomwe palibe makoma obweza mawu, musatsike pansi pa 300. Ndipo werengani mawati a RMS, amene ndi mphamvu yeniyeni ya ampu, pa ma ohm (muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi) otchulidwa. Zida zolembedwa 2000 W PMPO ndi zilembo zagolide, zimene zimadzaza m'mashopu a zamagetsi, nambala yake ndi yokopera makasitomala.

Kulemera ndi msewu

Mutu wa SVT umalemera pakati pa makilogalamu 36 ndi 39 malinga ndi mtundu wake, ndipo bokosi lake la masipika asanu ndi atatu limapitirira makilogalamu 60. Zonse pamodzi ndi ngati matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Markbass Little Mark, ya solid-state, imatulutsa mawati 500 pa ma ohm 4 koma siifika makilogalamu 3, imalowa m'chikwama cha kumsana ndipo munthu atha kukwera nayo kabaza.

Kulemera si vuto lokhalo. Mkati mwa valavu muli timawaya ndi tizitsulo tosaoneka bwino ndi maso, totalikirana pang'ono kwambiri. Kugwedezeka kwa pa lole m'njira za kumidzi kupitirira Tsangano kapena Mayani kumamasula tizitsulo timeneti, ndipo valavu imayamba kulira yokha kapena kupanga phokoso nthawi iliyonse bokosi likanjenjemera. Kumamasulanso mavalavu m'mabowo mwake. Amene asankha mavalavu aziyenda nayo ampu pampando wa galimoto kapena pa matiresi, osati pansi pa lole pamodzi ndi mipando, ndipo akamaliza kuimba aidikire mphindi 10 kuti izizire asanainyamule, chifukwa valavu yotentha ndi imene imawonongeka msanga ikagwedezeka. Akafika, asanayatse, akankhe valavu iliyonse pang'ono kuti ikhale bwino m'malo mwake.

Kuzizira kwa ku Dedza mu June ndi July pakokha sikuwononga ampu. Chowononga ndi chinyezi. Ampu imene yagona m'galimoto usiku wa nkhungu, ikalowa m'chipinda chofunda imachita thukuta mkati. Ya matransistor ingapirire, koma ya mavalavu ili ndi magetsi a mavolti 400 mpaka 700 mkati, ndipo madzi ndi fumbi zikakumana pa bowo la valavu, moto umadumpha n'kusiya mzere wakuda umene sutha mpaka bowolo litasinthidwa. Ipatseni theka la ola iume musanayatse.

Magetsi: apa ndi pofunika kuchedwapo

Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, 50 Hz. Chinthu choyamba kuyang'ana pa ampu iliyonse yochokera kunja ndi zolembedwa pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Ya ku South Africa kapena ku UK ndi ya 220 mpaka 240, ndipo ya ku South Africa mungosintha pulagi kukhala ya mano atatu yathu ino. Ya ku America ndi ya 120, ndipo mukailowetsa pakhoma mwachindunji imapsa nthawi yomweyo. Ina ili ndi kabatani ka 115 ndi 230 kumbuyo. Onetsetsani kuti kali pa 230 ndipo kamateni ndi tepi kuti mwana wachidwi asakasunthe. Ngati ndi ya 120 yokha, pafunika thiransifoma yotsitsa magetsi ya mphamvu yoposa kawiri zimene ampu imadya, kutanthauza chitsulo china cholemera choti muziyenda nacho.

Nthawi yoopsa kwambiri si pamene magetsi akuthima ayi, koma pamene akubwera. Amatha kubwera mokwera, kapena kuyaka ndi kuthima kangapo m'masekondi ochepa. Magetsi akangothima, munthu mmodzi akhale ndi udindo wothimitsa maampu onse, ndipo adikire mphindi zingapo atabwera asanayatse. Kachida kotetezera firiji kaja, kamene kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri ndi kudikira pang'ono kasanawabwezere, kamagwira ntchito bwino pa ampu, bola ma amp ake akhale okwanira. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi bolodi ya ampu.

Mitundu itatu ija imachita mosiyana magetsi akavuta, ndipo apa ya mavalavu tiyenera kuipatsa ulemu wake. Magetsi akatsika, ya mavalavu imangofooka, mawu n'kukhala olefuka, koma imapitiriza kuimba. Ya class AB yokhala ndi thiransifoma yachitsulo imachitanso chimodzimodzi, ndipo pa itatuyi ndi imene imapirira nkhanza zambiri. Ya class D, magetsi akatsika kupitirira malire, imadzithimitsa yokha pakati pa nyimbo, ndipo akadumpha mwadzidzidzi, gawo lake lolandira magetsi ndi limene limayamba kufa. Kupepuka kuja kuli ndi mtengo wake.

Pa jenereta nkhani imatembenuka. Valavu iliyonse ya 6550 imadya ma amp 1.6 pa mavolti 6.3 pongodzitenthetsa, ndiye isanu ndi imodzi ndi mawati 60. Mukaphatikiza zina zonse, SVT imapitirira mawati 100 isanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Tijenereta tating'ono tolembedwa 950, timene mphamvu yake yeniyeni ili cha m'ma 650, sitingakwanitse ampu yotere pamodzi ndi mikisa, kiyibodi ndi maampu a masipika akuluakulu. Bezi ikagunda, jenereta imatsamwa, magetsi amatsika, kiyibodi n'kuthima. Class D imadya mochepa kwambiri ikakhala chete, ndipo ndi yokhayo yoganizirika ngati mukuimba ndi mabatire a sola. Pamenepo inverter ikhale ya pure sine wave. Ya modified imalowetsa phokoso la njuchi m'masipika ndipo imatenthetsa thiransifoma.

Dongosolo la pa jenereta lisasinthe: yatsani jenereta, idikireni ikhazikike, lumikizani zida, ndipo maampu ayatsidwe pomaliza. Pothimitsa, maampu ayambe. Musalole mafuta kuthera zida zili zoyaka, chifukwa jenereta ikamatsamwa magetsi ake amakwera ndi kutsika mosalongosoka. Chingwe chotalika chikhale cha waya wa 1.5 mm² kapena 2.5 mm², ndipo chitambasulidwe chonse. Kachingwe kopyapyala ka mamita 50 kamadya mavolti panjira, ampu n'kumalandira magetsi otsika pomwe jenereta ilibe vuto.

Za earth tisazinyalanyaze. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu. Chizolowezi chodula pulagi n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi, kutsekera ndi timitengo ta machesi, chimasiya ampu yopanda earth. Woimba akamamva kuluma pa milomo akayandikira maikolofoni atagwira nsambo, imitsani zonse. Chimenecho ndi chizindikiro cha ngozi imene ingaphe munthu. Kabatani ka ground lift ka pa DI n'kochotsera phokoso la ng'ung'u pakati pa ampu ndi mikisa, sikakhudza earth ya pakhoma, ndipo kameneko mungakagwiritse ntchito mopanda mantha.

Ma ohm ndi zingwe

Malamulo ake ndi otsutsana pa mitundu iwiriyi, ndipo maampu ambiri amafera apa. Ya solid-state mutha kuiyatsa popanda sipika, siidandaula. Chimene siifuna ndi ma ohm ochepa kuposa amene alembedwa kumbuyo. Mabokosi awiri a ma ohm 8 olumikizidwa pamodzi amapanga 4. Awiri a 4 amapanga 2. Ampu yolembedwa kuti malire ake ndi 4 mukaipatsa 2, imatentha, imadzithimitsa, kapena matransistor amapsa. Izi zimachitika kawirikawiri paukwati pamene wina wabwera ndi bokosi lobwereka n'kungoliphatikiza kuti phokoso lichuluke. Kumbukiraninso kuti ampu ya mawati 500 pa ma ohm 4 imangotulutsa 300 kapena 350 pa bokosi limodzi la 8.

Ya mavalavu ndi yosiyana: musaimbe nayo popanda sipika. Mphamvu ikasowa kopita imabwerera mu thiransifoma ya output n'kuboola zotchinga za mawaya ake, ndipo chimenecho ndicho chitsulo chodula kwambiri mu ampu yonse. Chingwe cha sipika chikangozuka pakati pa nyimbo, ngozi ndi yomweyo. Ma ohm a bokosi agwirizanenso ndi bowo kapena batani la kumbuyo. SVT imalandira 2 kapena 4 basi, ndiye bokosi limodzi la 8 si lake.

Chingwe cha gitala ndi chingwe cha sipika zimafanana kunja koma si chimodzi. Cha gitala chili ndi kawaya kamodzi kopyapyala pakati, kosayenera kunyamula mphamvu. Mukachiika pakati pa mutu ndi bokosi chimatentha, chimasungunuka mkati, mawaya n'kukhudzana. Gwiritsani waya wa mitima iwiri wa 1.5 mm² kapena kuposa, ndipo ngati ampu ili ndi bowo la Speakon, limene limakhoma chingwe kuti chisazuke, sankhani limenelo.

Ikawonongeka, adzakonza ndani?

Funso limeneli lifunsidwe ndalama zisanatuluke. Mavalavu ang'onoang'ono a 12AX7 amakhala zaka zambiri ndipo kusintha kwake n'kosavuta: kuzula yakale, kulowetsa yatsopano. Kuti mudziwe yodwala, igogodeni pang'ono ndi pensulo ampu ili yoyaka. Imene ikuyankha mokweza m'sipika ndiyo yatha. Akuluakulu amatha malinga ndi ntchito, ndipo pa bandi yoimba mlungu uliwonse yembekezerani kuwasintha pakapita zaka zochepa. Sagulidwa imodziimodzi, amagulidwa oyezedwa kuti ndi ofanana, awiri, anayi kapena asanu ndi imodzi, ndipo akaikidwa pafunika kukonza bias, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi odutsa mu valavu ikakhala chete. Bias ikalakwika mbali imodzi mawu amauma. Ikalakwika mbali inayo chitsulo chotuwa cha mkati mwa valavu chimafiira ngati khala. Kuwala pang'ono kwa pakatikati n'kwabwinobwino, koma chitsulo chachikulucho chikafiira thimitsani pomwepo.

Mavalavu amapangidwa m'mafakitale ochepa padziko lonse: JJ ku Slovakia, a Sovtek ndi Electro-Harmonix ku Russia, ndi ena ku China. Kwa munthu wa ku Ntcheu, kumeneko ndi kuitanitsa kunja, kusaka ndalama zakunja, kulipira msonkho wa MRA ndi kupemphera kuti galasi lifike lamoyo. Mmisiri wa mawailesi wa pa boma amene sanagwirepo ampu ya mavalavu asaphunzirire pa yanu, ndipo ndi chifukwa cha moyo wake womwe: ma capacitor a mkati amasunga mavolti mazanamazana ngakhale pulagi itazulidwa.

Ya class AB ndiyo bwenzi la amisiri athu. Zitsulo zake n'zazikulu, zooneka, ndipo matransistor monga 2SC5200 ndi 2SA1943 kapena MJ15024 ndi MJ15025 ndi omwewo amene amapezeka m'maampu a zimkuzamawu. Chenjezo ndi lakuti achinyengo ndi ambiri pamsika. Amagwira ntchito pa mawu otsika, bezi ikagunda n'kupsa. Ya class D ili ndi tizitsulo tating'onoting'ono tomatidwa pa bolodi, ndipo ikapsa nthawi zambiri mankhwala ake ndi kusintha bolodi yonse, imene iyeneranso kuchokera kunja.

Matenda ambiri, komabe, ndi ang'onoang'ono ndipo ndi ofanana pa mitundu yonse. Batani likamakanda polizungulitsa, ndi fumbi. Lithireni contact cleaner, osati mafuta ochotsera dzimbiri. Mawu akamaduka n'kubwerera mukamenya ampu pamwamba, kawirikawiri ndi mtovu wosweka pansi pa bowo lolowetsera gitala, kapena mabowo a send ndi return (olumikizirapo zida zina zosintha mawu) achita dzimbiri. Kachingwe kafupi kolumikiza awiriwa kamasonyeza msanga ngati vuto lili pamenepo. Ampu ikamathima itaimba theka la ola, yang'anani fani ndi mabowo a mpweya, amene m'chilimwe amatsekeka ndi fumbi. Mphemvu ndi makoswe zimakonda kufunda kwa mkati, choncho ampu yogona m'chipinda cha kutchalitchi ivindikiridwe ikazizira. Fyuzi ikapsa, ikani ya nambala yomweyo, ndipo ngati ili ndi chilembo T ikhalenso ya T. Ikapsanso, vuto lili mkati. Kukulunga fyuzi ndi waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kumasandutsa vuto laling'ono kukhala thiransifoma yopsa.

Maampu amene mungakumane nawo

Fender Rumble 100 ndi ya class D, sipika imodzi ya mainchesi 12, makilogalamu 10 okha, ndipo ili ndi DI. Kutchalitchi chapakatikati ndi yokwanira, koma ilibe bowo lowonjezerera bokosi, ndiye pamene yathera ndi pomwepo. Rumble 500 ili ndi masipika awiri a mainchesi 10, imatulutsa mawati 350 payokha ndi 500 mukawonjezera bokosi la ma ohm 8. Pa zonse zimene tatchula, imeneyi ndi imene tingaloze bandi yoyendayenda, bola isalowe pakhoma popanda choteteza.

Peavey TNT yakale, ya sipika ya mainchesi 15, ndi yolemera kupitirira makilogalamu 30 ndipo mawu ake si apamwamba, koma imakonzeka ndipo siifa wamba. Kwa mpingo wa kumudzi umene ampu yake siichoka pamalo, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yosamalika ndi malonda abwino.

Hartke HA3500 ili pakati: ili ndi valavu imodzi ya 12AX7 ku preamp, imene mutha kuisakaniza ndi preamp ya matransistor, ndipo mphamvu yake ya mawati 350 pa ma ohm 4 ndi ya matransistor. Orange Terror Bass imachita zofanana ndi class D ya mawati 500. Valavu ya ku preamp imanenepetsa mawu ndithu, ndipo siifuna bias kapena kuopa kusowa kwa sipika, koma musanamizidwe kuti ndi SVT yaing'ono. Kugonjera kuja kwa mavalavu akuluakulu kulibe.

Kwa amene mtima wakana kusiya mavalavu, makamaka a situdiyo, Ampeg PF-50T ndi yanzeru kuposa SVT. Ili ndi mavalavu awiri okha a 6L6, mawati 50, siifika makilogalamu 10, ndipo ili ndi DI yotenga mawu atadutsa kale mu thiransifoma ya output, ndiye mavalavu akuluakulu amamveka ku mikisa. Ampeg V-4B ya mawati 100 ndi mavalavu anayi a 6L6 ndiyo malire a zimene holo ya kuno ingalole kuti mutsegule mokwanira.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kabokosi ka pansi monga SansAmp Bass Driver DI, kapena Behringer BDI21 yotsika mtengo, koyendera batire la mavolti 9. Kamatsanzira mawu a mavalavu mokhutiritsa, kamalowa mwachindunji ku mikisa, ndipo tsiku limene ampu yakana kuyaka, mwambo umapitirira.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito

Musagule ampu imene simunaimve, ndipo pitani ndi gitala yanu ndi chingwe chanu. Iyatseni isiyeni mphindi 20 kapena 30, chifukwa matenda ambiri amaonekera ikatentha. Ya mavalavu yokhala ndi batani la standby (losiya mavalavu atenthe kaye ampu isanayambe kuimba), yatsani power kaye, dikirani mphindi imodzi, kenaka standby. Gitala isanalowe, kwezani master mumve ngati pali ng'ung'u wamkulu. Ameneyo nthawi zambiri ndi ma capacitor okalamba. Zungulitsani batani lililonse. Imbani E kapena B mwamphamvu ndipo mvetserani kukhwekhwereza. Kenaka, ampu itathima, kankhani pepala la sipika mofatsa ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Likamakhula, koyilo inapsapo. Nunkhizani kumbuyo, fungo la chopsa silibisika. Tulutsani fyuzi muone ngati ndi yeniyeni. Yesani DI pa mikisa. Zomangira zikakhala zokumbika mitu, ampu inatsegulidwapo kambiri, ndipo mwini wake afotokoze chifukwa.

Mukafika nayo kwanu, musathamangire kukweza bass mpaka kumapeto. M'nyumba ya simenti ndi malata mawu otsika amadzikundikira okha, makamaka bokosi likakhala pakona, ndipo batani la bass ndi limene limadya mawati ambiri. Chotsani bokosi pakona, siyani bass pakati kapena muitsitse pang'ono, kwezani low mid cha pa 250 mpaka 500 Hz. Gain muikweze mpaka kagetsi ka clip kayambe kuphethira mukamenya mwamphamvu, muibweze pang'ono, ndipo kukweza konse kotsala kuchitike pa master. Ngati gitala yanu ili ndi batire mkati, ilowetseni pa bowo la active kapena dinani batani la -15 dB, apo ayi preamp idzaphwanya mawu ngakhale master ili pansi.